Fukushima: mafunso ndi mayankho pa momwe anthu anailandirira ngozi ya nyukiliya

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera nkhani ya Fukushima ikatchulidwa. Tayamba ndi zomwe zinachitika, kenako tafotokoza zomwe anthu anachita atamva, ku Japan komweko komanso m'maiko ena.

Kodi chinachitika n'chiyani ku Fukushima?

Pa 11 Malichi 2011, nthawi ya 2:46 masana, chivomerezi cha mphamvu ya 9.0 chinagwedeza pansi pa nyanja kumpoto chakum'mawa kwa Japan. Pamalo opangira magetsi a Fukushima Daiichi, a kampani ya TEPCO, panali ng'anjo za nyukiliya zisanu ndi imodzi, ndipo zitatu zomwe zinkagwira ntchito tsikulo zinazima zokha monga momwe anazipangira. Koma ng'anjo ya nyukiliya ili ngati mbaula: ngakhale muphule mphika, makala amakhala akunyekabe. Imafuna madzi oiziziritsa kwa nthawi yaitali, ndipo madziwo amapopedwa ndi magetsi.

Ola lisanathe, mafunde a tsunami otalika pafupifupi mamita 14 anadumpha chipupa cha m'mbali mwa nyanja n'kumiza majenereta omwe ambiri anali m'zipinda za pansi. Mapampu anaima. Ng'anjo zitatu zinasungunuka m'kati, ndipo nyumba zitatu zinaphulika pa 12, 14 ndi 15 Malichi. Fumbi lokhala ndi cheza choopsa cha nyukiliya (radiation) linauluka ndi mphepo. Mu Epulo ngoziyi anaiika pa mlingo 7 pa sikelo ya ngozi za nyukiliya, womwe ndi wapamwamba kwambiri, wofanana ndi wa Chernobyl ya mu 1986.

Anafa anthu angati?

Apa m'pomwe ambiri amasokoneza. M'dziko lonse la Japan, anthu pafupifupi 15,900 omwe anafa ndi oposa 2,500 omwe sanapezekebe anaphedwa ndi chivomerezi ndi tsunami, makamaka madzi. Palibe munthu wa m'midzi yozungulira yemwe anafa ndi cheza m'masiku amenewo. Mu 2018 boma linavomera kupereka chipepeso ku banja la wogwira ntchito mmodzi yemwe anamwalira ndi khansa ya m'mapapo.

Palinso chiwerengero china chomwe sichitchulidwa kawirikawiri. M'chigawo cha Fukushima, anthu oposa 2,300 anamwalira pambuyo pake chifukwa cha kusamutsidwa: okalamba omwe anayendetsedwa maola ambiri m'mabasi opanda madokotala, odwala omwe anasiya kulandira mankhwala, ndi ena omwe anadzipha atataya mtima. Chiwerengerochi n'choposa cha omwe anaphedwa ndi tsunami m'chigawocho.

Anthu okhala pafupi anauzidwa chiyani, ndipo anathawa bwanji?

Anauzidwa pang'onopang'ono. Usiku wa tsiku loyamba lamulo linali loti achoke okhala m'kati mwa makilomita 3. M'mawa mwake anati makilomita 10, pofika madzulo anati 20. Ambiri ananyamuka ndi zovala za m'thupi zokha poganiza kuti abwerera pakangopita masiku awiri kapena atatu. Anasiya ng'ombe m'makola ndi agalu pa unyolo. Pofika mu 2012, anthu a m'chigawochi omwe anali atachoka m'makwawo anapitirira 160,000.

Nkhani ya tauni ya Namie ndi yomwe imawawa kwambiri. Akuluakulu a tauniyi anamva zambiri kudzera pa wailesi yakanema, ndipo anatsogolera anthu zikwizikwi kudera la Tsushima, kumapiri a kumpoto chakumadzulo, poganiza kuti ndiko kotetezeka. Mphepo inatengera fumbi komweko. Boma linali ndi makompyuta otchedwa SPEEDI olosera komwe fumbi lingalowere, koma zotsatira zake sanazipereke kwa anthu pa nthawi yomwe zikanathandiza. Ku Ukedo, gombe la tauni yomweyi, ofufuza anthu omwe anapanikizika m'zibuma za tsunami analamulidwa kusiya ntchito pa 12 Malichi, ndipo kufufuza kunayambiranso patapita pafupifupi mwezi. Mabanja ambiri sanaiwale zimenezi.

Mudzi wa Iitate, womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40, unali kunja kwa malire a makilomita 20, koma fumbi lambiri linagwera komweko. Anthu ake anauzidwa zochoka chakumapeto kwa Epulo. Ku Minamisoma, komwe anthu anauzidwa kuti azikhala m'nyumba, madalaivala a malole ankakana kukafikako ndi chakudya, mpaka meya Katsunobu Sakurai anajambula uthenga wopempha thandizo n'kuuika pa YouTube.

Tsunami ndi ngozi ya chilengedwe. Nanga n'chifukwa chiyani anthu anakwiyira boma ndi TEPCO?

Chifukwa anazindikira kuti ngoziyi ikanapeweka, komanso kuti ankawabisira zinthu. Mu 2008 akatswiri a TEPCO yomweyo anawerengera kuti mafunde a mamita 15.7 atha kufika pamalopo, koma kampani sinakweze chipupa kapena kusamutsa majenereta. Malo ena a magetsi a nyukiliya, a Onagawa, omwe anali pafupi kwambiri ndi pomwe chivomerezi chinayambira, anawamanga pamalo okwera ndipo anapulumuka, moti anthu a m'deralo anakabisala komweko.

M'masiku a ngoziyo, mneneri wa boma Yukio Edano ankabwereza mawu akuti chezacho sichingavulaze munthu nthawi yomweyo. Anthu ankafunsana kuti, nanga pakapita zaka khumi? TEPCO inavomera mu Meyi, patatha miyezi iwiri, kuti ng'anjo zinasungunuka. Mu 2016 inavomeranso kuti mkulu wake wa nthawiyo anauza antchito kuti asamatchule zoti ng'anjo zasungunuka. Mu Julayi 2012 komiti yofufuza yomwe nyumba ya malamulo inakhazikitsa, motsogozedwa ndi Kiyoshi Kurokawa, inanena mosapsatira kuti ngoziyi inachitika chifukwa cha anthu, ndipo inadzudzula kugwirizana kobisa zolakwa pakati pa kampani, boma ndi bungwe lomwe linayenera kuyang'anira chitetezo.

Ife tikuona kuti zambiri zomwe zafotokozedwa m'mayankho otsatirawa zinaphuka pa tsinde limeneli. Munthu akakunamizani pa nkhani ya moyo wa ana anu, ngakhale atadzanena zoona mawa, mumavutika kumukhulupirira.

Nanga ogwira ntchito pamalopo anthu ankawaona bwanji?

Ankawalemekeza, ngakhale ankadana ndi mabwana awo a ku Tokyo. Atolankhani a kunja anawatcha "Fukushima 50", ngakhale kuti omwe anasinthanasinthana pa ntchitoyi anali mazana, kenako zikwi. Mkulu wa pamalopo, Masao Yoshida, anatchuka chifukwa likulu litamuuza kuti ayambe waimitsa kuthira madzi a m'nyanja mu ng'anjo yoyamba, iye anavomera pakamwa koma anauza anyamata ake kuti asaleke. Anamwalira mu 2013 ndi khansa ya kum'mero, yomwe TEPCO inati sinayambe chifukwa cha cheza.

Ku Tokyo zinthu zinali bwanji?

Tokyo ili pa mtunda woposa makilomita 200, koma mantha anafikako. Pa 16 Malichi mfumu Akihito inalankhula ku mtundu wonse pa wailesi yakanema, chinthu chosachitikachitika, ndipo anthu anadziwa kuti zinthu zavutadi. Pa 23 Malichi akuluakulu analengeza kuti madzi a m'mipopi ochokera pamalo oyeretsera madzi a Kanamachi ali ndi ayodini wa cheza wopitirira mlingo woyenera makanda. Madzi a m'mabotolo anatha m'masitolo tsiku lomwelo. Alendo ambiri anakwera ndege kubwerera kwawo, makamaka dziko la America litauza nzika zake kuti zitalikire makilomita 80, pomwe boma la Japan linkanena 20. Kusiyana kwa manambala awiriwa kunawonjezera chikayiko.

Magetsi ankazimitsidwa mosinthanasinthana m'madera ozungulira mzindawu, ndipo m'chilimwe cha chakacho anthu anagwirizana zopulumutsa magetsi: masitolo anachepetsa nyali, masitepe oyenda okha anaimitsidwa, maofesi anasintha maola ogwirira ntchito.

Kodi n'zoona kuti ku China anthu anagula mchere wonse?

Inde. Patangopita sabata imodzi, mphekesera inafala yoti mchere wa ayodini umateteza ku cheza, komanso yoti mchere wa m'nyanja ukhala woipa. Mashelefu anatsala opanda kanthu m'mizinda yambiri. Mchere sungateteze munthu mwa njira imeneyo. Ku gombe la kumadzulo kwa America nako mapiritsi a ayodini anatha m'mafamase, ngakhale cheza chomwe chinafikako chinali chochepa zedi.

Anthu a ku Japan amadziwika ndi kufatsa. Kodi anachitadi zionetsero?

Anachita, ndipo zinali zazikulu kuposa zilizonse zomwe dzikolo linaona kwa zaka makumi angapo. Pa 19 Seputembala 2011 anthu omwe okonza anati anali 60,000 anasonkhana ku Meiji Park mu Tokyo. Pa 5 Meyi 2012 ng'anjo yomaliza inazimitsidwa kuti iyenderedwe, ndipo dziko lomwe linali ndi ng'anjo 54, zomwe zinkapereka magetsi oposa gawo limodzi mwa magawo anayi, linakhala lopanda magetsi a nyukiliya. Boma la Yoshihiko Noda litalola kuti ng'anjo ziwiri za ku Oi ziyakenso, mkwiyo unakula. Pa 16 Julayi 2012 ku Yoyogi Park kunadzaza. Okonza anati kunali anthu 170,000, apolisi anapereka chiwerengero chotsika kwambiri.

Chomwe chinadabwitsa ambiri ndi omwe ankabwera: amayi okankha ana m'tingolo, agogo, ogwira ntchito m'maofesi ali chimangire mataye. Lachisanu lililonse madzulo ankaima panja pa ofesi ya nduna yaikulu, ndipo mwambo umenewu unayamba mu Malichi 2012 n'kupitirira mpaka Malichi 2021. Koma pa zisankho za mu Disembala 2012 chipani cha LDP, chomwe chinakhala chikulimbikitsa nyukiliya kwa zaka zambiri, chinapambana. Mkwiyo wa m'misewu sunasanduke mavoti.

Makolo a ku Fukushima anatani?

Mu Epulo 2011 boma linati sukulu zitha kutsegulidwa malinga ngati cheza sichikupitirira mamilisiveti 20 pa chaka (milisiveti ndi muyeso wa cheza chomwe thupi lalandira), pomwe mlingo wa munthu wamba m'nthawi ya mtendere ndi 1. Mlangizi wa nduna yaikulu, Toshiso Kosako, anatula pansi udindo potsutsa mlingo wa 20 uja, akugwetsa misozi pamaso pa atolankhani. Makolo ena anatapa dothi la pabwalo la sukulu, kulinyamula mpaka ku Tokyo n'kukaliika pamaso pa akuluakulu a boma. Chakumapeto kwa Meyi unduna wa maphunziro unati uyesetsa kutsikira pa 1.

Ena anaganiza zodziyezera okha. Gulu la anthu odzipereka la Safecast linkamangirira zipangizo zoyezera cheza pa magalimoto n'kuika zotsatira pa intaneti kuti aliyense aone. Ku Iwaki amayi anatsegula labotale yawoyawo yotchedwa Tarachine, komwe munthu amatha kupita ndi mpunga, ndiwo zamasamba kapena dothi la kuseri kwa nyumba kuti amuyezere. Amayiwa sanali asayansi, anachita kuphunzira. Kwa ife imeneyi ndi mbali yolimbikitsa kwambiri ya nkhani yonseyi, chifukwa nthawi zambiri zotsatira zawo zinkakhazika mitima pansi kuposa zikalata za boma.

Mabanja ena anagawikana. Mayi ankachoka ndi ana kupita kutali, bambo n'kutsala chifukwa cha ntchito, ndipo maukwati ena anathera pomwepo.

Kodi n'zoona kuti anthu a ku Fukushima ankasalidwa?

N'zoona, ndipo n'zochititsa manyazi. Cheza sichipatsirana ngati chimfine, koma panamveka malipoti a mahotela okana alendo ochokera ku Fukushima ndi a ana onyozedwa m'sukulu zatsopano. Mu 2016 inadziwika nkhani ya mnyamata yemwe anasamukira ku Yokohama, yemwe anzake ankamutcha kachilombo n'kumamulanda ndalama ponena kuti kwawo analandira chipepeso. Atsikana ena ankaopa kuti sadzapeza banja akaulula kwawo.

Alimi ndi asodzi anavutika koposa. Fukushima imadziwika ndi mpunga ndi mapichesi, koma ogula anayamba kuthawa dzina lokhalo. Mu Juni 2011 mlimi wina wa ng'ombe za mkaka ku Soma anadzipha atalemba pa khoma la shedi yake kuti zonsezi sizikanachitika pakanapanda malo a nyukiliyawo. Kuyambira mu 2012 chigawochi chinkayeza thumba lililonse la mpunga, matumba pafupifupi 10 miliyoni pa chaka, ndipo kuyambira pa zokolola za 2015 sipanapezekenso thumba lopitirira mlingo wa mabekerelo 100 pa kilogalamu (bekerelo ndi muyeso wa cheza chomwe chinthu chikutulutsa). Ngakhale zinali choncho, mitengo inatenga zaka kuti ikwerenso.

Maiko ena anatani?

Germany ndiyo inasintha kwambiri. Boma la Angela Merkel linali litangowonjezera zaka za ng'anjo zake mu 2010, koma patangopita masiku ochepa ngozi itachitika linaimitsa ng'anjo zakale. Pa 26 Malichi anthu pafupifupi 250,000 anaguba ku Berlin, Hamburg, Cologne ndi Munich, ndipo mawa lake zisankho za ku Baden-Württemberg zinachititsa kuti chigawochi chikhale choyamba kutsogoleredwa ndi munthu wa chipani cha Greens. Pa 30 Meyi boma linalengeza zosiyiratu nyukiliya, ndipo ng'anjo zitatu zomaliza zinazima pa 15 Epulo 2023.

Ku Italy, pa referendamu ya mu Juni 2011, ovota pafupifupi 94 pa 100 alionse anakana kuyambiranso nyukiliya. Switzerland inaganiza zosamanganso ng'anjo zatsopano. Ku India asodzi ndi anthu a m'midzi analimbana ndi malo a Kudankulam kwa miyezi yambiri, koma anatsegulidwabe. China inangoimitsa kwa kanthawi kupereka zilolezo, kenako inapitiriza kumanga.

Kodi nkhaniyi inakhudza Malawi?

Inakhudza, kudzera ku Kayelekera m'boma la Karonga. Mgodi wa yureniyamu wa kumeneko, womwe kampani ya Paladin inatsegula mu 2009, unkadalira mtengo wa pa msika wa dziko lonse. Ngozi isanachitike, paundi imodzi ya yureniyamu inkagulidwa pafupifupi madola 70. Japan ndi Germany zitazimitsa ng'anjo, mtengo unatsika mpaka kufika pansi pa madola 30 mu 2014, chaka chomwe mgodiwu unaimitsa ntchito ndipo anthu ambiri anachotsedwa. Unadzatsegulidwanso mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources, mtengo utakweranso.

Alipo yemwe anamangidwa?

Palibe. Oimira boma pa milandu anakana kawiri kuzenga mlandu, mpaka komiti ya nzika wamba inakakamiza kuti akuluakulu atatu akale a TEPCO akaonekere kukhoti. Mlanduwo unakhudza imfa za odwala omwe anasamutsidwa ku chipatala cha Futaba. Mu 2019 khoti linawapeza osalakwa, ndipo khoti lalikulu kwambiri linatseka nkhaniyi mu Malichi 2025. Mu Juni 2022 khoti lomwelo linagamula kuti boma lilibe mlandu wolipira osamutsidwa. Mu Julayi 2022 khoti la ku Tokyo linalamula akuluakulu anayi akale kuti alipire mayeni 13 thiriliyoni, koma chigamulochi chinathetsedwa pa apilo mu 2025. TEPCO yalipira zipepeso zambiri, mothandizidwa ndi ndalama za boma.

N'chifukwa chiyani mkangano unabukanso mu 2023?

Chifukwa cha madzi. Madzi oziziritsira ng'anjo zowonongeka, pamodzi ndi a mvula ndi a pansi, anadzaza matanki oposa 1,000, matani oposa 1.3 miliyoni. Amasefedwa ndi makina otchedwa ALPS, koma chinthu china chotulutsa cheza, chotchedwa tritium, sichichoka. Boma linaganiza zowasungunula ndi madzi a m'nyanja n'kumawataya pang'onopang'ono kwa zaka makumi angapo. Bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA linati dongosololi likugwirizana ndi malamulo a chitetezo, ndipo kutaya kunayamba pa 24 Ogasiti 2023.

China inaletsa nsomba zonse za ku Japan tsiku lomwelo, ndipo masitolo ndi maofesi a ku Fukushima anavutitsidwa ndi matelefoni achipongwe. Ku South Korea anthu anathamangiranso kukagula mchere. Maiko a zilumba za Pacific, omwe amakumbukira mabomba omwe ankayesedwa kwawo, anadandaula. Asodzi a ku Fukushima anakana mpaka mapeto. Ambiri a iwo sankatsutsa manambala a asayansi. Ankaopa kuti mbiri ya nsomba zawo iipanso monga tafotokozera pa funso la kusalidwa, ndiponso ankakumbutsa boma ndi TEPCO lonjezo la mu 2015 loti madziwo sadzatayidwa okhudzidwa asanamvetse.

Ndiye kodi mantha a anthu anali opitirira muyeso?

Pa nkhani ya matenda, komiti ya United Nations yotchedwa UNSCEAR inanena mu 2021 kuti sipanapezeke matenda pakati pa anthu a ku Fukushima omwe angati anayamba ndi cheza cha ngoziyi. Chigawochi chinakonza zoyeza chithokomiro cha ana pafupifupi 380,000 ndipo chinapeza khansa mwa mazana angapo. UNSCEAR ikuti izi zachitika chifukwa choyeza aliyense ndi makina amphamvu omwe amaona ngakhale tizotupa tomwe sitikanavutitsa munthu. Mabanja ena sakhutira, ndipo mu 2022 achinyamata asanu ndi mmodzi anasumira TEPCO.

Tikayang'ana manambala omwe ali pa funso lachiwiri, tikuona kuti kusamutsa odwala ndi okalamba mothamanga, popanda dongosolo, kunapha anthu ambiri kuposa cheza. Tsankho nalo linavulaza anthu osalakwa. Koma sitingaloze chala mayi yemwe anathawa ndi mwana wake mu Malichi 2011. Pa nthawiyo ngakhale akuluakulu a boma ankakambirana m'seri za kuthekera kosamutsa anthu mpaka ku Tokyo zinthu zikafika poipitsitsa. Mayiyo ankaona nyumba zikuphulika pa wailesi yakanema uku akuuzidwa kuti asade nkhawa. Mlandu waukulu uli pa omwe anali ndi uthenga koma anausunga.

Kodi anthu abwerera kwawo, nanga maganizo asintha?

Ena abwerera, makamaka achikulire. Boma linapala dothi la pamwamba m'minda, m'sukulu ndi m'makomo n'kuliika m'matumba akuluakulu akuda omwe kwa zaka zambiri anaunjikidwa m'mbali mwa misewu. Malamulo oletsa kukhala anachotsedwa dera ndi dera. Futaba, tauni yomwe inali ndi anthu pafupifupi 7,000, inali yomaliza kulola anthu kukhalamo mu Ogasiti 2022, ndipo m'zaka ziwiri zoyambirira okhalamo sanafike 200. Mabanja achinyamata anakhazikika kwina, ana awo anakulira m'mizinda ina.

M'dziko lonse maganizo asunthako. Bungwe latsopano loyang'anira chitetezo linakhazikitsidwa mu 2012 ndi malamulo okhwima, ndipo ng'anjo yoyamba kuyakanso pansi pa malamulowa inali ya Sendai mu Ogasiti 2015. Mitengo ya gasi ndi magetsi itakwera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, boma la Fumio Kishida linatembenukiranso ku nyukiliya, ndipo kafukufuku wa nyuzipepala ya Asahi mu 2023 anapeza koyamba kuti ofuna ng'anjo ziyakenso aposa theka.

Pa Daiichi pomwepo ntchito idakali kutali. M'ng'anjo zitatu zija muli zosungunuka zolemera matani pafupifupi 880, ndipo mu Novembala 2024 loboti inatulutsa kachidutswa koyamba, kosakwana galamu imodzi. Boma ndi TEPCO akuti adzamaliza kugwetsa malowa pofika 2051, koma akatswiri ambiri akukayika.